Zigubu za Mayi Namame

Papita milungu itatu chimwalirireni Mayi Namame a ku Jenala, koma ine mutu wanga sunabwerere m'malo mwake. Imfa yokhayo inatidzidzimutsa, inde. Munthu amene Lachiwiri anali pamsika wa Migowi akukalipira wogulitsa mbewu mpaka anthu kuunjikana, Lachitatu m'mawa n'kugwa m'dimba khasu lili m'manja, osadwalako ngakhale chimfine! Koma chimene chikundisowetsa mtendere si imfayo ayi. Ndi chimene tinachita ife amoyo pamaliro pawo, ine ndemwe ndili pomwepo, mbale ili pamiyendo.

Kuti mumvetse, muyambe mwadziwa za kanyumba. Kuseri kwa nyumba yawo, chakumunda, kunali kanyumba kokhomedwa ndi loko, ndipo kiyi wake ankamumangirira pamfundo ya chitenje. M'menemo munali zigubu, mitsuko ndi nsupa zodzaza mbewu zamakolo zosakaniza ndi phulusa: nzama zamaangamaanga, khobwe wamitundumitundu, nkhungudzu, mapira ofiira, nandolo wocha msanga, ndi chimanga cholimba chija chimene anankafumbwe amachilephera. Zina anazipempha kwa nkhalamba zimene zinatisiya kalekale. Zina zinachokera ku Mozambiki ndi agogo awo. Chaka chino mbewuzo zinali ndi eni ake. Matope ndi miyala zitatsika m'phiri ku Nkhulambe, mabanja ambiri anatsala opanda ngakhale kambewu kamodzi ka makolo awo, poti nkhokwe zinapita pamodzi ndi nyumba. Mayi Namame anawalonjeza. Anachulukitsa mbewuzo nyengo ziwiri m'munda mwawo, napangana ndi amayi a kumeneko kuti abwere Loweruka adzagawane mvula isanagwe. Iwo anagwa Lachitatu la mlungu womwewo.

Ine ndine mphunzitsi wopuma wa pa Migowi pano. Tinadziwana chifukwa ine ndinali ndi makina otayipira, iwo ali ndi zolemba. Zanga zithere pomwepo.

Anali mayi wamfupi, woyenda ngati akuthamangira minibasi. Akabwera kwanu sankayamba ndi moni. Ankazungulira kuseri kaye kukaona zimene mwabzala ndi zimene mwataya, kenaka n'kutulukira pakhomo nkhope itakwinyika. Ine anandichititsapo manyazi pamaso pa alendo. Anatulukira atanyamula chisoso ndi bonongwe zimene ndinazula m'mawa mwake poyeretsa pabwalo.

"Aphunzitsi, ndiwo mwataya kuseri, ndiye basiketi ili m'manjayi mukukagula kabichi? Sukulu yonse ija?"

Alendo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinapsa mtima, koma tsiku limenelo tinadyera chisoso.

Mbewu iliyonse ankaiyesa ndi mano, kuti amve ngati yauma. Dzino lawo lakutsogolo linabenthukira pantchito imeneyi. Lachiwiri lomaliza lija ndi zimene anachita pamsika. Munthu wina ankagulitsa chimanga chopaka utoto wobiriwira, akuti ndi mbewu yamakono. Iwo anatola njere imodzi, nailuma, nalavula, nauza msika wonse kuti chimenechi ndi chimanga cha kuchigayo chovekedwa malaya. Mwini wake atayamba makani, Chichewa chinawathera, nalowa m'Chilomwe. Zikafika pamenepo ngakhale osamva chiyankhulocho ankadziwa kuti wina walakwa. Wogulitsayo anamanga thumba lake n'kusamukira mbali ina ya msika.

Achinyamata amaganiza kuti anabadwa otero. Ayi ndithu. Anayamba ntchito ngati mlangizi wa amayi, akuyenda panjinga m'midzi kuphunzitsa masikono a ufa wa tirigu, ndi kuuza anthu kuti azule nandolo ndi maungu m'munda wa chimanga kuti mizere izioneka bwino. Eni akewo ankanena okha, osabisa, kuti zaka zimenezo anazulitsa chakudya cha anthu ndi pakamwa pawo. Chinawatembenuza ndi chaka china cha njala. Anaona kuti amene anawamvera ndi amene ankagona ndi njala, pomwe kwa nkhalamba zamakani zimene zinakakamira chinangwa, mapira ndi nzama, utsi unkafukabe kukhitchini. Kuyambira pamenepo anayamba kubwerera m'makomo omwe aja, kukapempha mbewu kwa anthu amene kale ankawanena kuti ndi otsalira.

Dzina linakula. Ankawaitana kuwayilesi, ankawaitana kumisonkhano ya ku Lilongwe. Kumeneko ankapita ndi makaka, chinangwa chouma chija, ophika ndi nandolo m'kambale kovindikira, ndipo nthawi ya chakudya ankatsegula pakati pa mabwana, manyazi alibe. Ankati n'chipongwe kukamba za njala ya kumudzi mukutafuna mpunga wochokera kunja kwa dziko. Ankatinso mbewu ya m'sitolo ndi mlendo, imagona chaka chimodzi n'kupita, pamene yamakolo ndi mwana wa pakhomo. Ena ankawakonda, ena ankati mayi ameneyu amalongolola. Onse ankanena zoona.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Fanuwelo, amagwira ntchito ku Blantyre. Ndi mwana wabwino, ndisamunamizire. Mwezi uliwonse ankabwera ndi mpunga, shuga ndi mafuta ophikira, ndipo mwezi uliwonse ankakangana ndi mayi ake. Iye ankati anthu aziti chiyani, mayi wa munthu wapantchito kumadya makaka ngati wosowa womusamala. Iwo ankayankha kuti makaka omwewo ndi amene anamukulitsa mpaka kukavala tayi. Akangokwera minibasi, mpunga uja ankaugawira anansi. M'kanyumba muja Fanuwelo sanalowemo ndi kamodzi komwe. Sankamuletsa, koma analibe nazo chidwi. Kwa iye munali zinyemba za amayi basi.

Tsopano za buku, poti ndi pamene panathyokera zinthu. Zaka zapitazo anabwera kwanga ndi makope a ana asukulu odzaza ndi maphikidwe a zakudya zathu ndi kasungidwe ka mbewu. Ndinatayipa miyezi, zala mpaka kutupa. Anawerenga iwo, ndinawerenga ine, anawerenganso abusa athu amene anathandiza kuti kabukuko kasindikizidwe ku Blantyre. Tonse atatu Alomwe, okulira pa kalongonda.

Kwa osamudziwa, kalongonda ndi nyemba zathu zikuluzikulu, zokoma koma zaukali. Amafuna kuwiritsa tsiku lathunthu, kusenda makoko, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka madzi akudawo atayera. Mukachita ulesi amakuzunguzani mutu. Kwathu kuno mwana wamkazi amadziwa zimenezi asanadziwe kulemba dzina lake. Ndiye patsamba la kalongonda Mayi Namame analemba za mchere, za tomato, za kukoma kwake, koma za kutaya madzi sanalembe. Atatu tonse tinawerenga tsamba limenelo osaonapo vuto. Ungalembe bwanji chinthu chimene aliyense amadziwa? Kwa ife zinali ngati kulemba kuti musanaphike yatsani moto.

Kabuku kanafika m'manja mwa Mayi Kamanga, mkazi wa mphunzitsi wa ku Kasungu amene anali atangomutumiza kusukulu ina kufupi ndi Migowi. Mayi wakhama, wofuna kuzolowera zakudya zakuno. Anagula kalongonda wouma pamsika, namuwiritsa monga amawiritsira nyemba kwawo, natsatira buku mzere ndi mzere. Dzuwa lisanalowe banja lonse linali kusanza, bambo akubwebweta zosamveka, ndipo mwana wawo wamkazi anamutengera kuchipatala atalefukiratu.

Ndine ndinakawauza Mayi Namame. Ndinawapeza akupeta mapira pakhonde. Anamvetsera osaphethira.

"Madzi anataya kangati?"

"Sanataye, amayi. M'buku simunalembe."

"Sindinalembe bwanji? Tabweretsani kuno."

Anawerenga tsambalo kawiri, chala chikutsata mizere. Lichero linatsetsereka pamiyendo, mapira kumwazika, nkhuku kuthamangira, iwo osaona n'komwe.

"Mayo ine, aphunzitsi! Ndapha mwana wa eni ake."

Mwana sanafe, Mulungu ndi wamkulu. Anagona masiku atatu kuchipatala, ndipo masiku onsewo Mayi Namame anali pakhonde la chipatalacho kuphikira banjalo phala. Mayi Kamanga anawalalatira mawu oti sindingawabwereze pano, iwo ali zyoli, osayankha ngakhale limodzi. Mayi uja wolongolola pamsika! Mwana atatuluka, Mayi Namame anabwereka cholembera changa chofiira, natenga njinga, nayamba kusaka mabuku aja limodzilimodzi. M'masukulu, m'matchalitchi, m'makomo, mpaka ku Mulanje ndi ku Zomba. Akalipeza ankalemba ndi dzanja za kutaya madzi m'munsi mwa tsambalo, n'kumukhazika pansi mwini buku kumufotokozera pamaso, mpaka abwereze yekha. Zinawatengera pafupifupi chaka. Mabuku amene anali asanagawidwe anawatentha kuseri kwa nyumba, ine ndikuyang'ana miyezi yanga ikufuka utsi.

Kuyambira pamenepo sanalembenso kanthu. Anthu ankawapempha buku lachiwiri, la mbewu zokhazokha, iwo kukana kwamtuwagalu. Ankati pepala ndi loipa chifukwa siliona nkhope ya munthu kuti wamva kapena sanamve, ndipo ukalifunsa siliyankha. Nzeru za chakudya, ankatero, zizichoka m'dzanja kulowa m'dzanja, wophunzitsa ataima pomwepo. Anafika pomatula ngakhale timapepala ta maina timene tinali pazigubu. Wofuna mbewu abwere yekha, amuonetse, amulumitse, amuuze nthawi yobzala ndi dothi limene mbewuyo imakonda. Ndi mmene anaphunzitsira amayi a kumpingo kwawo, ndiponso a Jesika, mayi wamasiye wa ku Nkhulambe amene matope anamutengera nyumba ndi mwamuna tsiku limodzi. A Jesikawa ndi amene ankatsogolera amayi oyembekezera mbewu aja.

Pankhani ya timapepala ndiye tinayambana ine ndi iwo, osati kamodzi. Komaliza kanali m'mwezi wa Ogasiti, tili m'kanyumba momwemo, iwo akuthira phulusa m'chigubu.

"Amayi, lolani ndingomata dzina lokha, ndi mawu oti iyi ndi mbewu, osadya. Mwakula inu."

"Ndakula, ndakuuzani kuti ndikufa? Mwandimva ndikutsokomola?"

"Nanga mutagwa mawa, adziwe ndani kuti ichi n'chiyani?"

"Adziwa amene ndinawaphunzitsa. A Jesika akudziwa, amayi a kumpingo akudziwa. Ndani pa Jenala pano amene sadziwa kuti muno ndi mwa mbewu? Inu aphunzitsi vuto lanu mumakhulupirira pepala kuposa anthu."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza, koma kunena zoona ndinagonja msanga. Mumtima ndinkavomereza kuti pa Jenala palibe amene sankadziwa.

Posambitsa thupi tinamasula kiyi uja pachitenje. Ndine ndinakamupereka kwa Fanuwelo, poti ndiye mwana. Ndinamuika m'dzanja mwake, tinalira tonse, ndinabwerera m'nyumba osanena kanthu.

Maliro anali aakulu kuposa mmene aliyense ankayembekezera. A ku Nkhulambe, a ku Migowi, malole a ku Blantyre, ndi nkhope zina zimene sitinazionepo. Mwambo wathu mukuudziwa: amene anali pafupi kwambiri ndi malemu sapita kumoto, amakhala m'siwa pambali pa thupi. Ndiye amayi onse amene Mayi Namame anawaphunzitsa, a Jesika, a kumpingo, ine, tinali m'nyumba kuimba ndi kulira. Kumoto kunali amayi a ku Blantyre, anzake a mkazi wa Fanuwelo, amene anadzipereka ndi mtima wonse kuti ife tilire bwino. Lachinayi masana ndiwo zinatha, ufa unachepa, anthu akubwerabe. Anakamuuza Fanuwelo. Tangoganizani inu: mwana wa mayi amene moyo wake wonse unathera pa chakudya, anthu abwerere ndi njala pamaliro a mayi akewo? Anatulutsa kiyi, natsegula kanyumba, nati atenge zonse, mayi ake anasunga zambiri. Chimanga ndi mapira zinapita kuchigayo panjinga. Nyemba zamitundu yonse anazitsuka phulusa, nazithira pamodzi m'migolo yodula pakati. Zinawira Lachisanu m'mawa wonse, ife tili kutchalitchi ndi kumanda.

Titabwerako tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mbale zinabwera. Abale inu, ndiwo zimene zija zinkakoma! Ndinanena ndi pakamwa pangapa kuti amayi a ku Blantyre aphika, ndipo ndinapemphanso zina. A Jesika anali pambali panga. Ndinangoona asiya kutafuna. Anatola kanyemba kamodzi m'mbale, nakapukuta pachitenje, nakabweretsa pafupi ndi maso.

"Aphunzitsi, nzama iyi ili ndi diso lakuda."

"Ndiye?"

"Za diso lakuda pamsika kulibe. Zili malo amodzi okha."

Sindikumbuka mmene ndinaimirira. Ndikungokumbuka tikuthamanga, amayi awiri akuluakulu, zitenje zikumasuka, anthu akutiyang'ana ngati tapenga. Tinapeza chitseko chili chotsegula, zigubu zili panja zitatsukidwa kale, zina akutungira madzi osamba m'manja. A Jesika anakhala pansi padothi, nalira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Ine ndinangoima kukamwa kuli yasa.

Fanuwelo anabwera akuthamanga.

"Kwagwanji, amayi?"

"Mwatidyetsa munda, bambo," anatero a Jesika. "Munda wa chaka chino ndi wa zaka zonse."

Mwana wa eni ake anayang'ana zigubu, nayang'ana migolo, kenaka nayang'ana ine.

"Sizinali zodya? Panalibe cholembedwa chilichonse! Aphunzitsi, bwanji simunandiuze popereka kiyi uja?"

Funso limeneli likundilondabe mpaka lero. Sindinamuuze chifukwa kwathu kuno aliyense ankadziwa.

Amayi ophika aja atamva anagwira pakamwa, wina anataya chipande n'kuyamba kulira. Tinathamangira kumigolo kukaona ngati patsala zosaphika. Munali msuzi wokha. Wina anapalasa njinga kupita kuchigayo, anapeza gaga atamugawana kale oweta nkhuku. Tsiku lotsatira linali Loweruka lopangana lija, ndipo amayi ena a ku Nkhulambe amene anagona pamaliro anali atabwera ndi matumba awo opinda bwino m'zikwama, poganiza kuti akangoika maliro agawana monga malemu anafunira. Anabwerera nawo chipindire.

Zina tizipeza, sindikukana. Khobwe ndi nandolo ali m'makomo mwa anthu, ngakhale sangakwane chaka chino. Koma nzama za diso lakuda ndi mapira ofiira a agogo awo zinali malo awiri okha, ku Nkhulambe ndi m'kanyumba muja. Ku Nkhulambe zili pansi pa miyala. Za m'kanyumba tinadya ife, n'kuyamikira. Ndakwiya nawo Mayi Namame, ndinene poyera, ndakwiya ndi munthu wakufa chifukwa cha makani awo. Fanuwelo sindingamukwiyire. Amaimba foni tsiku lililonse kufunsa kumene angazipeze, ndipo ndikamuuza kuti kulibe, mawa lake amaimbanso. Koma mkwiyo waukulu ndili nawo pa ine mwini, mayi wodziwa kuyankhula m'kalasi zaka zonse zija, amene ndinalephera kunena mawu atatu okha: iyi ndi mbewu.

Dzulo mvula yoyamba inagwa, ndipo lero m'mawa ndinakwera kabaza kupita ku Jenala, osadziwa kuti ndikukafunako chiyani. Ndinapeza a Jesika atafika kale, atagwada m'kanyumba muja, akukanda ming'alu ya pansi ndi kamtengo. Amayi a ku Blantyre ndi aukhondo: anasesa bwinobwino asanachoke, zinyalala n'kutayira nkhuku. Pamatabwa pangotsala mikombero ya fumbi, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, pamene pankakhala chigubu chilichonse. Kudenga kukulendewera zingwe zopanda nsupa. Fungo la phulusa likadalimo, ndipo ukayankhula mawu akumveka ngati si ako. A Jesika anatsegula dzanja kundionetsa zimene apeza chiyambireni m'mawa: timiyala, ndi khoko limodzi la nzama lopanda kanthu m'kati.

"Kwathu mizere tinaunga kale, aphunzitsi," anatero osandiyang'ana. "Dothi lanyowa bwino."

Anatembenuka n'kupitiriza kukanda.